Dzina Limene Aphunzitsi Anakana Kulemba

Lero kalaliki wina ku boma wandiseka ataona chitupa changa. Akuti, "Bambo, limeneli ndi dzina la munthu?" Mwana wadzulodzulo! Ndikanamutukwana, koma bolopeni yofiira imene anagwira inandikumbutsa ku Nazombe, ndili sitandade wanu.

Aphunzitsi athu anali ochokera kutali, Chilomwe sankachidziwa. Atamva dzina langa anati ndi lopotokola lilime, ndiye anandilembera lachizungu m'kaundula ndi bolopeni yofiira. M'mawa akaitana lachizungulo, ine duu. Ndodo zitatu. Mawa lake chimodzimodzi, sabata yonse.

Amayi ataona zipsera m'miyendo mwanga, anasiya kuwokera mpunga n'kundikokera kusukulu, matope ali m'mawondo, akununkha dambo.

"Aphunzitsi, dzina la mwanayu mwalitaya kuti?"

"Mayi, ndi lovuta. Pasukulu pano palibenso wina ali nalo."

"Eya, palibe. Anali nalo ndi bambo anga okha, amene anandibereka kumsana kuchokera ku Mozambiki. Limatanthauza munthu wosabwerera m'mbuyo. Inu mwadutsa maboma angati kudzaphunzitsa kuno, ndiye mukanike dzina la kamwana? Nenani pambuyo panga."

Amayi analitchula pang'onopang'ono. Aphunzitsi anayesa, analakwitsa, ana anaseka. Anayesanso, akupukuta thukuta ndi dzanja lachoko mpaka chipumi chinayera. Kachitatu linatuluka lonse, ngati mmene amandiitanira kwathu.

Ndinaimirira, miyendo ikuwawabe, n'kukuwa kuti, "Ndilipo, aphunzitsi!" mpaka ana a sitandade thuu anasuzumira pawindo.