Mvuu ya Kuseli kwa Mabango

A Mumbi a ku Luembe ndi mlimi miyezi yambili ya chaka. Mvula ikagwa amabzala chimanga ndi nshawa, chisanu chikayamba amakolola. Koma dzuwa la Okutobala likafika, Luangwa ataphwa mpaka mchenga kuonekela pakati, khasu limapumula, iwo nkutsitsa bwato.

Ali ndi dziwe lawo kuseli kwa mabango, kumene milamba imasonkhana madzi akachepa. Analipeza akali mnyamata, ndipo sanauzeko munthu, ngakhale akazi awo amai Tasila. Ukawafunsa kumene aphela nsomba amaloza ndi mlomo kumtunda, pamene achokela kumunsi.

Chaka chatha kusukulu kunabwela mphunzitsi wa ku Mongu, wa mtundu wa Alozi, a Mubiana, munthu wabwino koma wosasunga mawu m'kamwa. Anapempha a Mumbi kuti apite nawo kukawedza. Mphunzitsi wa mwana wako umukana bwanji? A Mumbi anavomela, mumtima akuti: ndikawazungulitsa m'madzi opanda kanthu, mabango ndi aatali, sakaona.

Anaiwala chinthu chimodzi. Kuno munthu amapalasa atakhala pansi. A Mubiana atangolowa m'bwato anaima chilili, nkhafi m'manja.

"Khalani pansi aphunzitsi, bwatoli ndi laling'ono."

"Kwathu chokhala pansi ndi katundu, bambo. Mlozi sagwa m'bwato."

Anatsika ndi mtsinje, mbedza zili m'madzi, osakola kanthu. Kutentha kunali kwakuti ngakhale njiwa zinaleka kulila. Pofika pa mabango paja, a Mumbi anayang'ana kumbali ngati sakudziwapo. Koma munthu woimilila amaona patali.

"A Mumbi! Kuseliko madzi akuwila!"

"Ndi mvuu imeneyo. Yolusa. Mailo inadya ng'ombe ya munthu."

"Mvuu kudya ng'ombe? Nanga mvuu ya ndevu munaionapo? Ija ndi milamba, bambo, yodzaza dziwe! Anzanga kusukulu akamva izi adzavina."

M'maganizo a Mumbi anaona kale mudzi wonse uli m'dziwe mwawo ndi maukonde, mpaka amai ndi madengu. Anasuzumila m'madzi. Anali oyela, olekeza m'chiuno, pansi mchenga wokhawokha, ng'ona palibe. Ndiye anawelama kuti atenge chitini cha nyambo, ndipo anawelamila mbali imodzi kopitilila pang'ono.

Chubwi!

A Mubiana anavuuka ndele zili kumutu, akulavula madzi. A Mumbi anawatambasulila nkhafi, nkhope ili ngati ya pamalilo.

"Pepani aphunzitsi, ukalamba uwu. Koma ndikumvela chisoni ana a sukulu. Akamva kuti Mlozi wathu wagwa m'madzi a m'chiuno, adzaphunzila bwanji ndi kuseka?"

Mphunzitsi uja anakwela, nakhala pansi. Anafinya malaya ake.

"Bambo, paja munati kuseliko kuli chiyani?"

"Mvuu."

"Eya. Nanenso ndaiona. Yaikulu."

Tsiku limenelo analowa m'dziwemo awili, ndipo milamba inadya nyambo mpaka chitini kuuma.

Mvula inabwela, a Mumbi anabwelela ku khasu. A Mubiana pakamwa sipanatsekeke, poti chibadwa sichisintha. Amauza aliyense za mvuu ija. Pofika nthawi yokolola inali itathyoka dzino limodzi ndipo inali ndi kamwana, ndipo asodzi a ku Luembe akafika pa mabango paja amapalasa mofulumila.