Nsapato Zimene Anandigulira a Giya

Anzanga, ine ndine wamkulu, ndiye mundilole ndifotokoze pang'onopang'ono.

Ine ndi a Giya tinakumana pabwalo la mpira la kuseri kwa chipatala. Adokotala anali atandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndiziyenda m'mawa uliwonse. Ndinayamba ndi kuyenda, kenako kuthamanga pang'ono, nditavala nsapato zansalu zimene ndinkapita nazo kochapa zovala m'nyumba za anthu.

Tsiku lina ndikupumira m'mwamba, ndinamva mawu kumbuyo.

"Mayi, tsitsani giya! Injini imeneyo iphulika."

Kucheuka, ndi bambo wa imvi, kamimba patsogolo, thaulo pakhosi.

"Injini ndi yanga," ndinatero. "Inu samalani matayala anuwo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anali dalaivala wa basi wopuma ntchito, akazi awo anamwalira. Inenso abambo akunyumba anatisiya kalekale. Kuyambira tsikulo ndinawatcha a Giya, ndipo gulu lonse la anthu othamanga pabwalopo linatengera.

Tinkathamanga limodzi. Pachitunda ankati, "Giya wani, mayi, musachite manyazi." Potsetsereka ankati, "Buleki! Muli ndi mapasenjala." Kunyumba mwana wanga wamkazi anayamba kundiyang'ana chammbali.

"Amayi, matenda ake ati ofuna mafuta onunkhira m'mamawa?"

"Iwe, tandisiya," ndinatero, koma kumaso kunali kutandiulula kale.

Kenako kunamveka za hafu malathoni, mpikisano wa makilomita twente-wani m'misewu ya mumzinda, magalimoto atawatsekera. A Giya anandiimitsa pageti la bwalo.

"Tilembetse. Tiyambe limodzi, timalize limodzi. Tikangodutsa mzere womaliza, ndibwera kwa alongo anu ndi ana anu kudzanena zimene zili mumtimamu."

Anzanga, pa msinkhu wangawu... mtima unagunda ngati wa namwali.

Mpikisano uli mawa, anabwera ndi katoni. Nsapato zatsopano, zoyera, zingwe zobiriwira.

"Saizi yanga mwaidziwa bwanji?"

"Munaponda pamatope tsiku lija la mvula. Ndinayeza phazilo ndi chingwe."

Atachoka ndinaziyesa. Zinkathina kuzala. Mtsogoleri wa gulu lathu ankanena nthawi zonse kuti nsapato yatsopano sathamangira mpikisano. Koma ife tinaleredwa kuti tsiku lalikulu munthu amavala chatsopano, ndipo mphatso ya mwamuna wokufunsira suinena kuti yachepa. Munthu wagwada pamatope chifukwa cha iwe, ndiye umuuze kuti walakwitsa?

M'mawa, akundimangirira nambala pamalaya, a Giya anafunsa, "Zakukwanani?"

"Ngati anasokera ine."

Poyamba zinali bwino. Anthu pikitipikiti, nyimbo, atsikana otipatsa madzi m'timakapu. Ena m'mbali mwa msewu ankakuwa, "Agogo awiriwo, moto!" A Giya ankawabayibitsa ngati ali pa siteji ya basi.

Titadutsa mlatho, mapazi anatupa. Kuponda kulikonse kunali ngati ndaponda makala.

"Mayi, mukutsimphina."

"Ndi ukalamba chabe."

Kumbuyo kwa mpikisano kumayenda galimoto yotola otsalira, chifukwa nthawi ikakwana misewu amaitsegula. Ikakupeza, wakwera, mendulo palibe. Ndinaimva ikubwera pang'onopang'ono.

"Tikwere tonse," anatero a Giya. "Mendulo sitidya."

Koma m'galimotomo akanandivula nsapato iwo akuona. Akanadziwa kuti mphatso yawo ndi imene yandivulaza.

"Pitani inu."

"Tinati limodzi."

"Ndati pitani!"

"Sindikusiyani pamsewu, mayi."

Ndiye ndinakuwa, anthu akumva. "Kodi ndinu amuna anga? Mwandikakamira bwanji? Chokani!"

Anaima. Anandiyang'ana, anapukuta nkhope ndi thaulo, nayamba kuthamanga osacheukanso.

M'galimoto, nesi atavula nsapatozo, sokosi zinali zofiira. Anandimanga mabandeji mu tenti ya kumapeto. Ndili momwemo ndinawaona a Giya panja, mendulo ili m'manja osaivala, akusuzumira nkhope ya mayi aliyense wodutsa. Ndinatulukira kumbuyo, ndinakwera njinga yamoto. Foni yawo sindinaiyankhe.

Mayi wina wa m'gulu lathu, amene tinakwera naye galimoto ija, anawauza zonse. A Giya anabwera kunyumba, anakhala pampando wa pakhonde, maso ali pa mabandeji.

"Zondikalipira pamsewu zija ndaiwala," anatero. "Koma magazi akutuluka, ine ndili pambali panu ndikufunsa, inu n'kumati ukalamba?"

"Sindinafune kukukhumudwitsani."

"Malemu akazi anga ankatero. Chotupa anachibisa mpaka chinakula. Ndikafunsa, ankati ndi kutopa. Ndinadziwira kuchipatala, adokotala akundifunsa kuti bambo, munali kuti nthawi yonseyi?"

Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Mayi, ine ndimakukondani. Koma kukhalanso m'nyumba ndi munthu amene ndikamufunsa sindidziwa ngati yankho lake ndi loona... sindingathe. Mtima wanga wakalamba."

"Nditha kusintha, a Giya."

"Mwina," anatero, akudzuka. "Ine ndi amene sindingathe kusiya kuopa."

Mwezi usanathe anasamukira kwa mwana wawo, kutali. Kwa alongo anga sanafikeko.

Anzanga, makamaka inu achitsikana amene mumandilembera kufunsa malangizo, munthu wokukonda akakufunsa kuti zikupweteka, muuze kuti zikupweteka. Akhumudwa pang'ono, mawa aiwala. Ine ndinaona ngati ndikumusungira ulemu, osadziwa kuti ndikumuphunzitsa kundikayikira.

Zikhadabo ziwiri za kuphazi zinachoka sabata ya mpikisano ija. Pano zameranso bwinobwino.

Iwo ndi amene sanabwerere.