Mpweya woyamba ndi wa mwini njinga

Bambo a mwana wanga popita ku Joni anandisiyira njinga yawo yakuda, imene ankapitira kokathyola tiyi. Anati ndiziipopa Loweruka lililonse, ndisamaiimike padzuwa. Miyezi inayi inandimvera. Mwezi wachisanu tayala lakumbuyo linayamba kuphwa. Ndikapopa m'mawa, ndisanafike n'komwe kumunda wa tiyi lagona kale.

Alamu anga, akulu awo a bambowo, anaipeza itatsamira khoma.

"Mlamu, njinga ikangokhala imachita dzimbiri. Ikapanda kuyenda pofika Lamulungu, ndidzaitenga ndikakusungireni."

Kusunga kwa alamu ndimakudziwa. Wailesi yathu anaisunganso chomwecho, mpaka lero ikulira kwawo.

Ndinakanula tayala ndi zogwirira za masipuni awiri, momwe ndinkaonera eni ake akuchita. Chubu chinatuluka ndi zigamba zisanu ndi zinayi, ndipo zonse ndinkazidziwa. Chofiira chija anamata tsiku lomwe munga unatibaya tikuchokera kusikelo, ine ndili woyembekezera, nditakhala pamwala n'kumawaseka. Nditaviika chubucho m'beseni la madzi, thovu linkatulukira patsinde pa valavu, pomwe chigamba sichigwira.

Ku Bvumbwe, komwe ndinakagula chubu china, wogulitsa anandifunsa, "Saizi yanji, mayi? Twente eyiti kapena twente sikisi?"

Sindinkadziwa. Ndinangomasula kansalu n'kumuonetsa chakalecho.

"Ichi ndi chubu kapena buluku la mlonda?" anatero akuseka. Anasuzumira nambala yofufutika, n'kundipatsa chachikulu, cha valavu yofanana, kuti pampu yathu izigwira. "Chakalechi mundisiyire, ndidule malegeni omangira katundu."

"Ayi, chili ndi eni ake."

Kunyumba ndinalowetsa chatsopanocho chili chophwa. Chinkangopindika, tayala n'kumachipana. Ndinachitulutsa kawiri, mwana akulira kumbuyo, ine thukuta kamukamu. Ndiye ndinakumbuka. Bambo a mwana ankayamba amasula kamutu ka valavu, kuuzira pang'ono ndi pakamwa, n'kutseka msanga, kuti chubu chidzuke chikhale chozungulira. Ankati mpweya woyamba ndi wa mwini njinga, pampu imangowonjezera.

Ndinauzira. Mphira inandiwawa palilime, fungo lake lomwe lija linkatsalira m'manja mwawo. Ndinakhala kaye pansi pang'ono. Kenako chubu chinalowa popanda vuto.

Lamulungu alamu anakumana nane pamsewu wodutsa m'tiyi, ndikupalasa, mwana ali kumsana.

"Wakukonzerani ndani?"

"Eni ake anandiphunzitsa."

Anadina tayala ndi chala, kulidinanso, n'kundifunsa za mvula.

Chubu chakale chija chili pamsomali kuseri kwa chitseko. Tayala lakutsogolo likadali ndi chubu chomwe eni ake anaika okha asananyamuke. Loweruka ndimangowonjezera ndi pampu pang'onopang'ono. Kamutu ka valavu yake sindinakamasulepo, ndipo aliyense wofuna kundithandiza ndimamuuza kuti asakakhudze.