Ng'ombe Yodyera m'Bwato

Kuseri kwa nyumba yathu, pansi pa mtengo wa nsangu, panali theka la bwato. Linali la bambo, ndipo litang'ambika kumutu analidula n'kulikokera kumudzi. Mkati mwake munali mosalala ngati mtondo wakale, ndipo dzuwa likaomba linkanunkhabe nsomba. Chaka chimene bambo anamwalira, amayi analisandutsa modyera ng'ombe.

Nthawiyo mano anga akutsogolo anali atangomera kumene, choncho zina mwa zimene ndikunena pano ndinazimva nditakula. Kwathu, kufupi ndi Bangula, ana ndi a kuchimuna chifukwa cha ng'ombe za malowolo. Maliro atatha, bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo amene ankakhala ku Chapananga, ananena kuti mkazi payekha sangathe khola, sangathenso ana. Anati tikadzangomanga chiliza, mvula isanagwe, adzatenga ng'ombe zonse pamodzi ndi ine ndi mng'ono wanga. Sanali munthu woipa, ankangokhulupirira zimene anakula nazo. Amayi sanakangane nawo. Anangopempha kuti ng'ombe yodzapha pa tsiku la chiliza aiwete okha, ndipo alamu awowo adzayambe aona nyama yake asanatenge ana. Bambo aakulu anavomera akuseka, poti ankadziwa kuti chilimwe cha kuchigwa chimasiya ng'ombe iliyonse nthiti zili pamtunda.

Amayi anasankha Mawanga, ng'ombe yothena, yaifupi, yosaoneka n'komwe pakati pa zinzake. Anaimangira kakhola kakekake pamthunzi, bwato lija lili mkati. Masiku oyamba inkalira zinzake zikamatuluka kupita kudambo, ndipo anthu odutsa ankafunsa ngati kwathu tayamba kuweta nkhumba ya nyanga.

Tinatsala pang'ono kuitaya sabata yoyamba yomwe. Pofuna kuti inenepe msanga, amayi anadzaza bwato ndi madeya okhaokha, ndipo Mawanga, wosadziwa kukana, ananyambita mpaka pansi. Pofika masana mimba inali itatupa kumanzere, yolimba ngati ng'oma. Inaima miyendo yotangadza, ikuwefuka, dovu likuchucha. Amayi anangogwira m'mutu. Mwamwayi aphunzitsi athu, amene nawonso ankaweta ng'ombe, ankadutsa pa njinga. Anatsika, anaitanitsa mafuta ophikira, n'kuimwetsa ndi botolo, kenako anatiuza kuti tiziyenda nayo mozungulira nyumba mpaka mpweya utuluke. Unatuluka ndithu, ndi fungo loti agalu anasamuka. Mawu awo ndimawakumbukirabe: "Mayi, mimba ya ng'ombe inazolowera udzu. Madeyawa muziwonjezera pang'onopang'ono."

Kuyambira pamenepo bwato linali ndi dongosolo lake. M'mawa munkalowa mapesi a mapira odulidwa tizidutswa, owazidwa madzi amchere. Dzuwa likakwera amayi ankatsitsa masangwi a mtedza amene anawaumitsa pathandala, akadali obiriwirako, onunkhira ngati tiyi. Madeya ankabwera pomaliza. Ine gawo langa linali kutola zipatso za nsangu, zopindika, zouma, zimene zinkagwa mbwee mphepo ya fumbi ikawomba. Ndinkazikunga m'diresi n'kukazikhuthula m'bwato, kenako n'kukhala pamtanda wa khola kumamvera kukukuta kwake. Lilime lake linali lokhakhala, ndipo linkasiya dzanja langa lonyowa, likununkha mchere. Ndinkaiuza nkhani zonse za kusukulu, ngakhale za amene anandibera pensulo. Palibe munthu amene anandimvetserapo chomwecho mpaka lero, ngakhale mwamuna wanga.

Madzulo alionse amayi ankalowa m'kakholako n'kumadinikiza chala pamsana pa Mawanga, pa nthiti, ndi pamene pamayambira mchira. Ine ndinkati akuisisita chifukwa amaikonda ngati ine. Pang'onopang'ono nthiti zinabisala, linunda linadzuka n'kumagwedezeka ikamayenda, ubweya unayamba kuwala. Zinzake zodya kudambo zinkapita kutali tsiku ndi tsiku, n'kumabwera zili mbuu, mafupa a m'chiuno atatuluka moti ukanakolowekapo chipewa.

Chimene sindinkachiona ndi amayi eni ake. Madeya aja sankagwa kumwamba. Ankakonola chimanga cha anthu ena kuti awasiyire madeyawo, ndipo madzi a Mawanga ankachokera kumjigo pamutu pawo, dzuwa lija loti nthaka imaotcha ndi m'nsapato momwe. Ndikaganiza tsopano, ndimaona chitenje chawo chikuzungulira m'chiuno mopitirira kale, ndipo mtima umandipweteka.

Tsiku la chiliza litayandikira, bambo aakulu anafika akukusa ng'ombe yawoyawo, yaitali, ya nyanga zazikulu, imene inakulira kutchire. Anati aibweretsa kuti alendo asabwerere ndi njala. Amayi anamva bwino lomwe chimene mawuwo ankatanthauza, koma anangowalandira ndi madzi akumwa.

M'mawa mwake amayi anandituma kumjigo, ndipo dala anandipatsa ndowa yovuta kudzaza. Pobwera ndinapeza ng'ombe zonse ziwiri zitasendedwa, zili lende panthambi ya nsangu. Chikopa cha mawanga chinali pansi, choyalidwa pafupi ndi bwato. Ndowa inagwa yokha.

Ndinalira, komabe maso anga anaona, ndipo zimene anaonazo sizinachoke. Ya bambo aakulu inali ya mafupa aakulu, nyama yake yofiira moderako, yolimba, mafuta ake ochepa ndi achikasu, ndipo pa nthiti panali popyapyala moti kuwala kunkadutsa. Mawanga anali wamfupi koma wodzaza, ntchafu zonenepa mpaka m'munsi, msana wonse utakutidwa ndi mafuta oyera. Munthu amene anazipha atadula pamsana, mnofu unaoneka wofiira mowala, muli timizere ta mafuta ngati ulusi. Kunena chilungamo, akuluakulu ena tsikulo anayamikira msuzi wa ng'ombe ya kutchire ija kuti ndi umene unali ndi fungo lenileni la nyama, ndipo inenso lero ndikamagula nyama pa Bangula ndimakonda ya mafuta achikasu. Koma ya Mawanga inapsa msanga, ndipo ndi imene agogo opanda mano ankaitanitsa.

Bambo aakulu sanadikire kuti iphikidwe. Anapinda malaya, anapisa dzanja m'mimba mwa Mawanga kufunafuna impso. Za ng'ombe yawo zinali pamtetete, koma izi anachita kuzikumba m'mafuta. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, munaidyetsa chiyani?"

Amayi atagwada anatchula zonse, mapesi, masangwi, madeya, mchere, ndipo pa nsangu analoza ine. Bambo aakulu anandiitana. Anandigwira pamkono ndi dzanja lawo lamafutalo, n'kudinikiza ndi chala monga mmene amayi ankachitira ndi Mawanga. Ndinalanda mkono wanga mwamwano, ndipo iwo anaseka.

"Pyadidi," anatero m'Chisena, kutanthauza kuti zili bwino. "Khola lisasunthe. Zonse zikhale momwe ziliri."

"Takhuta, alamu," anatero amayi, kuthokoza m'Chisena chomwecho.

Masana onse amayi anali kuseka ndi alendo, kuseka kwenikweni kumene sindinakumve chimwalirireni bambo. Ine ndinakwiya nawo koopsa. Ndinakana nyama, ndinakakhala m'bwato lopanda kanthu lija, ndikudziuza kuti amayi anga ndi ouma mtima, munthu wosisita ng'ombe chilimwe chonse kenako n'kumaseka chikopa chake chili pansi.

Alendo atabalalika, dzuwa likupendeka, ndinalowa m'nyumba ndikadali ndwii. Ndinapeza amayi atakhala pamphasa, akumasula mfundo za kamtolo ka chitenje kamene kanali kuseri kwa chitseko. Munali madiresi anga, yunifolomu, ndi tizovala ta mng'ono wanga, zonse zochapa ndi zopinda bwino. Ankazitulutsa chimodzichimodzi n'kumazibwezera pachingwe pamene zinkakhala masiku onse.

Ndinawafunsa, ndili chikwiyire, kuti amafuna kupita nafe kuti.

"Kulibe," anatero. "Kasambe, mawa kusukulu."

Ndinatuluka ndikudabwa kuti munthu wamkulu angamange bwanji katundu wa ulendo umene kulibe.