Mfumu imene a Mbewe anaisuta

Ndikukumbukira Lamulungu limene ndinapempherera anthu amene kulibe. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, m'masiku a Chitaganya, m'katchalitchi kathu kofolera udzu kumudzi kuseri kwa Sinda. Mkulu wa mpingo anati mwana mmodzi atseke ndi pemphero, ndipo chala chawo chinagwera ine. Ndinaimirira, n'kutsinzina mwamphamvu, n'kuyamba kuchonderera Mulungu kuti akumbukire anthu a ku Nsanjamitambo, amene mfumu yawo yafa ndipo akugona ndi njala pakhomo pa nkhokwe yodzaza. Mpingo unayankha "Ameni" wochokera pansi pa mtima. Amayi ena anachita kubuula. Titatuluka, mkulu uja anandikokera pambali.

"Mwanawe, Nsanjamitambo ameneyu ali kuti? Kwa Apwitikizi?"

"Ali m'buku la a Mbewe," ndinayankha monyadira.

"Buku lija amapichirira fodya?"

Kuseka kwa tsiku limenelo kunandiperekeza mpaka pakhomo.

Musafulumire kundiweruza. Sukulu ndinalekera Sabu B, ng'ombe za atsibweni zitasowa m'busa. Kuwerenga ndinachita kutolatola ndekha pa matumba a mchere, pa zitini za palafini ndi pa zikwangwani za mumsewu wa ku Lusaka. Zodindidwa zimene ndinkazidziwa zinali mabuku a kutchalitchi ndi chiphaso cha msonkho cha bambo, ndipo ziwirizi sizinkachita nthabwala ndi munthu. Ndinkakhulupirira kuti makina odinda mabuku sangalembe bodza.

A Mbewe anali mnansi wathu, mmisiri wa ngolo wodziwika kuyambira ku Sinda mpaka ku Katete. Gudumu losema iwo linkayenda zaka osalira. Ankagwirira ntchito patsinde pa mkuyu pamodzi ndi a Yobe, mwana wa mlongo wawo, bambo wa ana anayi, amene ntchito yawo inali kugwirira thabwa ndi kukoka sowo basi. Tchizulo, nsompho ndi kachingwe koyezera zinkakhala m'bokosi lokhoma, kiyi ali m'khosi mwa a Mbewe.

Bukulo anapatsidwa ndi telala wina wa ku Nyasalande pakhonde la sitolo ku Katete, atamukonzera mwendo wa tebulo la makina. Linalibe chikuto, linalibe dzina, koma pepala lake linali lofewa, loyenerana ndi fodya wa chingambwe. A Mbewe kuwerenga sankadziwa. M'mawa uliwonse ankang'amba tsamba limodzi n'kuligawa panayi, ndudu zinayi za tsikulo. Ankayambira kumbuyo, chifukwa n'kumene ulusi unamasukira.

Nditaliona ndinapempha kuti andibwereke.

"Ndikubwereke, ine ndizisutira makoko a chimanga?" anatero. "Ngati ukulifuna, uzibwera m'mawa uzindiwerengera tsamba limene ndikuti nding'ambe. Nanenso ndizidziwa chimene ndikusuta."

Motero moyo wa Mfumu Sakalamba ndinauwerenga chobwerera, kuchokera kumanda kulowera ku ubwana. Mathero enieni anali atatuluka kale m'mphuno mwa a Mbewe. Ine ndinayambira pamene mfumuyo yangoikidwa m'manda itakhala zaka mazana atatu. Mvula yoyamba inagwa, anthu anatuluka ndi makasu, koma anangoima m'minda kudikira ng'oma ya kubwalo imene inkawauza kuti dzalani. Ng'oma sinalire, ndipo panalibe amene analimba mtima kuponya mbewu m'nthaka popanda kuuzidwa. Pakati pa mzinda panali nkhokwe yamwala, yaitali moti mitambo inkapumira padenga pake, yodzaza mapira a zaka makumi ambiri. Chitseko chake chinali ndi katsegulidwe kamene inkadziwa ndi mfumu yokha. Anthu ankatsamiritsa makutu kukhoma n'kumamva anankafumbwe akudya. Pamenepo m'pamene ndinapita kukawapempherera.

Amayi anga sanaseke nawo. "Wandivula pamaso pa mpingo," anatero. "Kwa a Mbewe usakapondenso. Mapira akutha ndi mbalame."

Ndinakhala masiku asanu ndi anayi pansanja kumunda, kugogoda chitini ndi kukuwiza mpheta. Pansanjapo mutu wa mkuyu uja unkaoneka. M'mawa uliwonse ndinkauyang'ana mtima ukuwawa, podziwa kuti tsamba lina la moyo wa mfumu likukwera kumwamba. Mpheta zinadya bwino masiku amenewo.

Tsiku lakhumi a Mbewe anabwera okha kwa amayi. "Mlamu, ndibwezereni mwanayo. Fodya wopanda nkhani sakukoma." Amayi anati ndizipita ndikamaliza kutsegulira ng'ombe.

"Ndiye masamba aja munasunga?" ndinawafunsa m'njira.

"Ndikanasuta chiyani? Chala changa?"

Ndisanaletsedwe, mfumuyo inaikidwa m'manda ili ndi mkono umodzi. Nditabwerera ndinaipeza ili ndi iwiri. Mpaka lero, ndi imvi zanga zonsezi, sindidziwa chimene chinadya mkono wa Mfumu Sakalamba. Ndinawafunsa a Mbewe ngati anamvako kanthu posuta. Anati ndudu ina ya Lachinayi inkawawa kwambiri, mwina kunali nkhondo.

Tsopano ndinali nditadziwa kuti mfumuyo sinakhaleko. Chodabwitsa n'chakuti mtima wanga sunalabadire zimenezo. Tsamba ndi tsamba mfumu inkabwerera mphamvu, msana ukuwongoka, mano akubwerera m'kamwa, ndipo ntchito zake zinkandisiya kukamwa yasa. Inapatutsa mtsinje waukulu ndi kuupititsa m'chigwa chouma, anthu akukumba zaka makumi anayi, iyo ikuyenda patsogolo ndi ndodo kuloza njira ya madzi. Inkadziwa munthu aliyense ndi dzina, ndipo ikayang'ana khanda inkatchula gogo wa agogo ake amene linatengera mphuno. Milandu inkaweruza molungama moti olakwa ankapita kwawo akuimba. Kwa zaka mazana awiri m'dziko lonselo simunafe mwana ndi njala. Tsiku limene ndinawerenga za kumangidwa kwa nkhokwe yamwala, miyala ikukokedwa ndi njovu zomangidwa magoli, ndinaika buku pansi. Ndinakweza maso kuyang'ana phiri la kum'mawa kwa mudzi wathu, ndipo kwa nthawi yoyamba linandionekera laling'ono. Komatu ine ndinali nditamva kale anankafumbwe m'nkhokwe imeneyo. Anthu a m'bukumo ankavina mwala womaliza ukuikidwa, ine ndekha ndikudziwa kuti zidzukulu zawo zidzafera pakhomo pake. Wowerenga kuyambira kutsogolo amadabwa pamapeto. Ine ndinkachita mantha pa chisangalalo chilichonse.

Panali tsamba lina lonena za ana a alongo ake a mfumu, oyenera kulowa ufumu. Woyamba anadikira mpando mpaka anachita khungu ndi ukalamba. Wachiwiri anapempha kuti aphunzitsidwe katsegulidwe ka nkhokwe, mfumu inamusisita pamutu n'kunena kuti akadali mwana, pamene munthuyo anali ndi zidzukulu. Analipo khumi ndi awiri, mibadwo yotsatizana, ndipo mfumu inawaika m'manda onse, ikulira misozi yeniyeni.

Sowo inaima. A Yobe anapukuta thukuta pamphumi.

"Bwerezanso pamenepo, mphwanga. Atsibweni sanamve bwino."

"Koka sowo iwe," anatero a Mbewe. "Thabwa silimva nthano."

Anang'amba tsambalo monga mwa masiku onse, koma ndudu yoyamba anaipichira nthawi yaitali. Ine sindinaonepo kanthu. Ndinkaganiza kuti nkhaniyo ndi ya anthu akutali.

Buku linkaonda. Mfumu inasanduka mnyamata, kenaka kamnyamata kamsinkhu wanga, kam'busa ka mbuzi m'chaka cha chilala. Mlongo wake anali atangofa ndi njala m'manja mwake. Kanakwera phiri kakulira mpaka kanalowa m'phanga la mayi wakhungu woumba mbiya. M'phangamo munali mbiya zosawerengeka, iliyonse ya munthu mmodzi, iliyonse ndi kabowo pansi kamene madzi a masiku ake ankadontherapo. Mayiyo anafunsa chimene kakufuna. Kamnyamatako kanati: mundimatire kabowo ka mbiya yanga, ndikhale ndi masiku okwanira kukonza dziko lino ndekha, pasadzafenso mlongo wa munthu. Mayiyo anatenga phula n'kuyamba kulifewetsa m'manja.

"Kana!" ndinakuwa. "Iwe, kana!"

Nkhuku zimene zinkatola pansi pa mkuyu zinathawa. Ndinayembekeza kuti a Yobe andiseka, koma sanatero.

Ndakhala ndikuwerenga mabuku moyo wanga wonse, ambiri obwereka, onse kuyambira kutsogolo monga anthu aulemu, koma palibe munthu wa m'buku amene ndinamuopa ndi kumukonda ngati mfumu imeneyo. Sinali yankhanza, sinabe mbuzi ya munthu. Inangokhala yodziwa kwambiri, kwa nthawi yaitali kwambiri, mpaka anthu oizungulira anafota ngati mbewu zomera pansi pa mtengo waukulu. Zimenezi ndinazimvetsa mochedwa. A Yobe anakwera basi ya ku Broken Hill dzinja lotsatira n'kukagwira ntchito ya mumgodi. A Mbewe anakhalanso zaka zambiri, akusema magudumu abwino kuposa a wina aliyense, ndipo atamwalira ngolo za mudzi wathu zinkangokhala pamene zathyokerapo mpaka udzu kumera m'masipoko. Inenso, pamene ana anga ankafuna kundithandiza kulemba makalata a anthu a m'mudzi, ndinadzimva ndikunena kuti akadali ana. Ndinali ndi cholembera m'manja, ndipo ndinachita kudzikakamiza kuti ndichipereke.

Koma ndisathamange. M'mawa wotsatira tsiku la phanga lija, m'buku munatsala masamba awiri. Ndinawerenga onse pamodzi, a Mbewe atandilola. Chilala chinali chisanafike. Mlongo uja anali moyo, wonenepa masaya, atakhala ndi mchimwene wake m'mphepete mwa dambo, akuumba ng'ombe zadothi, mbuzi zikudya msipu. Ankakangana za ng'ombe ya ndani ili ndi linunda lalikulu. Mtsikanayo anaponda ng'ombe ya mnzake mwadala, mnyamatayo anamuthamangitsa, onse anagwera m'matope akuseka. Pamenepo m'pamene buku linayambira, ndipo ine m'pamene ndinalimalizira.

Ndinawapatsira masambawo. A Mbewe anawatembenuza uku ndi uku, ngakhale zilembo sankazidziwa, kenaka anatuma a Yobe kuti akawatengere makoko a chimanga kunkhokwe. Ndinanyamuka kuti ndizipita kung'ombe. Nditafika pampanda anandiitana, n'kundiika masamba aja m'thumba la malaya.

"Awa sindisuta," anatero. "Kawaike poti chiswe sichifika. Msiye mwanayo aziweta mbuzi zake, ndipo usadzamuuze zimene ukudziwa."