Mapiritsi a Miyendo M'nyengo ya Lenti

Kunali nkhungu tsiku limenelo, phiri osaoneka, ndipo mvula yamawawa inkagwa pa malata mosalekeza. Belu la misa ya m'mawa linkamveka patali cha ku Kasina. Ndikumanga nsapato, ndinamva kutentha pansi pa chifuwa ngati ndameza khala. Inali sabata yachiwiri ya Lenti, patangotha miyezi isanu nditaika mkazi wanga m'manda.

Ndakhala ndi matenda a shuga zaka zambiri. Amene ankasunga buku langa la kuchipatala ndi kukumbukira zonena za anamwino anali malemuyo. Atapita, ndinajomba kiliniki kawiri. Miyendo inayamba kundiwawa ndikamapalira kachewere, ndipo alamu anga a Gerevaziyo, mlongo wake wa mkazi wanga, pamodzi ndi akazi awo a Nangozo, anandibweretsera mapiritsi opha ululu a kugolosale. Ndinkamwa awiri m'mawa uliwonse m'mimba mulibe kanthu, chifukwa ndinkasala kudya mpaka masana popempherera mzimu wa mkazi wanga. Ansembe anali atalengeza kuti odwala asasale. Ndinamva, koma sindinadziwerengere pa odwalawo.

Patapita masiku, chimbudzi chinayamba kutuluka chakuda ngati phula. Ndinawauza a Gerevaziyo mwamanyazi. Iwo ndi akazi awo anati n'chisoni chabe, tidikire Pasaka idutse. Ndinadikira masiku asanu ndi anayi. Lachisanu, tili pakati pa Njira ya Mtanda, ndinasanza zakuda zosakanikirana ndi magazi, n'kugwera pa benchi.

Ku chipatala cha ku Boma anandipeza ndi shuga wokwera, magazi ochepa kwambiri, ndi zilonda za m'mimba. Anandipatsa magazi, nandiika diripi. Ndinagona masiku asanu ndi atatu. M'mawa uliwonse namwino ankandibaya chala, kenako tinkadikira adokotala, nthawi zina mpaka dzuwa litafika pamutu.

Tsiku lachitatu adokotala anatenga mapiritsi otsala aja m'manja. "Bambo," anatero, "shuga amafooketsa timitsempha todyetsa khungu la m'kati mwa mimba. Silichedwa kuvulala, ndipo likavulala limachedwa kupola. Amaphanso mitsempha yomvera ululu, n'chifukwa chake munangomva kutentha. Mapiritsi awa amakanda m'mimba, si a munthu ngati inu ayi."

Namwino anatsegula buku langa nandionetsa tsamba lakale. Chenjezo lomwelo linalembedwa pamenepo zaka zitatu zapitazo. Mkazi wanga ankalidziwa. Ine sindinalitsegulepo bukulo, ndipo zimenezi zimandipwetekabe.

Lero ndili bwinoko. Ndimamwa mankhwala a m'mimba ndi a shuga pa nthawi yake, ndimadya pang'ono pang'ono, ndipo kiliniki sindijombanso. Mphamvu zolimira munda wonse sizinabwerere. Anzanga a shuga, musamwe piritsi limene achipatala sanalione, musasale kudya musanafunse, ndipo mukaona chimbudzi chakuda pitani tsiku lomwelo.

A Gerevaziyo ndi a Nangozo sanabwere kudzandiona m'chipatala, ndipo kwa miyezi iwiri ankalambalala nyumba yanga chifukwa cha manyazi. Ana anga anakwiya, nafuna kuti chibale chithere pomwepo. Koma a Gerevaziyo ndi a Nangozo ndi abale okhawo a mkazi wanga amene anatsala. Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi ndinapita ndekha kwawo. A Nangozo anagwada pakhomo. Ndinawakhululukira.