Mmodzi mwa Atatu

Mng'ono wanga tinamutaya pothawa nkhondo ku Molumbo, akadali woyamwa. Mfuti zitalira, amayi anam'patsira mayi wina panjira kuti anyamule ine, chifukwa ndinali nditavulala phazi. Mayi uja sitinamuonenso.

Titabwerako ku Malawi kumene tinathawira, nkhondo itatha, anzathu anali kalikiliki kuumba njerwa ndi kumweta udzu. Amayi ayi. Ankangokhala pa chitsa pomwe panali nyumba yathu, maso kumsewu. Ndinkakwiya nawo, ndisaname. Denga kulibe, mvula ili pafupi, munthu n'kumangowerenga odutsa!

Tinamva kuti ku Milange, pa ofesi yolandira obwerera, kuli kompyuta yosunga mabanja onse amene anawoloka mtsinje wa Ruo. Tinakwera njinga yobwereka. Woyendetsa kompyutayo anali mtsikana wa ku Quelimane, wa Chinyanja chotsimphina koma woleza mtima. Anatiuza kuti banja lililonse lili ndi mzere wake, ndipo pamzerepo analemba pamodzi madera amene anthu a m'banjalo anabadwira.

Anafunsa makina za mabanja a ku Molumbo. Anatuluka ambiri, onse owadziwa, ena tinkapemphera nawo. Mwana panalibe.

“Mwafunsa bwanji?” anatero amayi.

“Ndafunsa mabanja amene onse ndi a ku Molumbo.”

“Iyayi mwanangu. Wanga ali kwa eni. Funsani nyumba imene muli ngakhale mmodzi yekha wa kwathu.”

Mtsikana uja anagogoda pa makinawo kachiwiri. Panatuluka banja lina la ku Majaua: Majaua, Majaua, Majaua, kenako Molumbo pakati. Amayi anagwira tebulo.

“Ndi uti?”

“Makina angoti alipo, mayi. Sanena kuti ndi uti.”

Ku Majaua tinapeza mayi wamfupi akusenda chinangwa, atazunguliridwa ndi atsikana atatu a msinkhu umodzi, onse ometa mpala, onse akuyankhula Chilomwe. Wina anali wobala yekha, wina wa malemu mchemwali wake, wina anam'landira kwa munthu amene anamwalira ku kampu. Izi anatiuza poyera. Koma amayi atafunsa kuti wotolayo ndi uti, iye anaika mpeni pansi.

“Onse ndinawayamwitsa ine. Ndikakuuzani, mum'tenga.”

Ine magazi anawira. Ndinafuna kukaitana apolisi, abusa, aliyense! Amayi anandigwira dzanja. Anayang'ana ana aja mmodzimmodzi, makutu, zala, mano, ine ndikudikira kuti aloze. Sanaloze. Mwana wawo yemwe, osam'dziwa. Zinandiwawa kuposa tsiku lothawa lija.

Tinabwerera kwathu. M'mawa mwake amayi anadzuka n'kuyamba kumweta udzu, ndipo tinafolera mvula isanagwe. Chaka chilichonse akakolola nyemba ankagula nsalu pa msika wa ku Milange n'kusoketsa madiresi atatu ofanana, ife n'kukapereka ku Majaua. Mayi wa ku Majaua uja ankalandira, n'kuphika, n'kutiperekeza, koma pakamwa pake potseka.

Atsikana aja anakwatiwa, ali ndi ana awo. Ndimawasowa onse, ndipo ndikakumana ndi aliyense ndimati “mng'ono wanga”, iye n'kuvomera.

Amayi atadwala matenda awo omaliza, onse atatu anabwera kudzawasambitsa. Atatuwo atatuluka panja, amayi anandikodola.

“Wamuona m'mene amasekera? Bambo ako enieni.”

Ndinati eya, ndamuona. Sindinafunse kuti akunena uti.